Penti ndi bulashi kapena tabuleti pojambula buku la ana kuno ku Salima

Buku la zithunzi la ana kawirikawiri limakhala ndi masamba 32, chifukwa osindikiza amapinda mapepala akuluakulu m'magulu a masamba 8 kapena 16. Motero mwana wa msodzi amene mwamujambula pa tsamba loyamba ayenera kuoneka yemweyo mpaka kumapeto, nkhope, msinkhu ndi malaya omwe, ndipo chithunzi chiyenera kusiya malo pomwe mawu adzakhale. Apa mpamene njira ziwirizi, kujambula pamanja ndi kujambula pa tabuleti, zimasiyana kwambiri.

Wojambula pa kompyuta kapena pa tabuleti amaika chinthu chilichonse pa layer yakeyake, ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana, mwana payekha, bwato palokha, nyanja payokha. Mkonzi akanena kuti bwato lisendere kumanzere kuti mawu akwane, ntchitoyo imatha m'mphindi zochepa. Wa penti wamadzi alibe mwayi wotero, pakuti utoto ukalowerera m'pepala suchokanso, ndipo nthawi zambiri amayambiranso chithunzi chonse. Pulogalamu ya Procreate, imene ambiri amaitama, imafuna iPad, pomwe Krita ndi yaulere ndipo imagwira pa kompyuta ngakhale pa matabuleti a Android. Ena amayesa ibisPaint pa foni, koma kujambula maso a mwana ndi chala pa kagalasi kakang'ono n'kovuta ndithu.

Chimene chimakhumudwitsa ongoyamba kumene ndi mitundu. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, njira yotchedwa RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK. Buluu wowala uja wa nsomba za mbuna, amene amakoka maso pa tabuleti, amatuluka wozilala papepala, ndipo palibe amene angamubwezere buku litasindikizidwa kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuika chithunzi pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse, kuti chidzaoneke bwino papepala) musanalembe mzere woyamba, kusiya mamilimita 3 m'mphepete oti adzadulidwe, komanso kupempha wosindikiza kuti akuonetseni tsamba limodzi loyesera.

Kujambula pamanja sikudikira magetsi, ndipo pensulo ndi inki sizilira ndalama zambiri. Njirayi ili ndi ubwino wina umene ine ndimaulemekeza kwambiri: mikwingwirima ya bulashi ndi timadontho ta penti zimaoneka m'buku, mwana n'kuzindikira kuti chithunzi chimachokera m'manja mwa munthu, naye n'kufuna kuyesa. Koma nyengo yathu ya kunyanja siichitira chisoni ntchitoyi. Mu Okutobala penti amauma musanamalize kuyala thambo, n'kusiya mizere pomwe simunaifune, ndipo nthawi yadzinja chinyezi chimapinda mapepala ndi kuwachititsa chuku. Pepala lochindikala la 300 gsm limapirira madzi, koma kuti mulipeze pamafunika ulendo wa ku Lilongwe. Mukamaliza, chithunzicho chiyenerabe kulowa m'kompyuta, ndipo sikana ya A4 siingatenge chithunzi cha masamba awiri pakamodzi. Kuchijambula ndi foni kumabweretsa mithunzi, pepala loyera n'kusanduka lachikasu.

Amene ali kale ndi tabuleti yabwino ndi magetsi a sola angathe kujambula buku lonse pamenepo. Koma kwa amene akuyamba ndi ndalama zochepa, ine ndimasankha kulemba mizere ndi pensulo ndi inki papepala wamba, kuisikana, kenako kuika mitundu mu Krita. Inki yakuda imasikanika bwino ngakhale pa makina a m'mashopu otayipa a pa boma, ndipo mkonzi akafuna kuti malaya a mwana akhale ofiira m'malo mwa obiriwira, simugulanso pepala lina.