Tebulo la chipboard lija: mwendo unazuka, ogulitsa anangoti tiona

Mnzanga wa ku Lizulu wandifunsa pa WhatsApp ngati angagule tebulo ngati langa, lomwe ndinalichemerera nditangoligula. Ndati ndiyankhire pano, chifukwa nthawi ija linali lisanaone dzinja kapena nkhungu ya kuno ku Dedza.

Zabwino zake n'zosachedwa kunena. Pamwamba pali melamine, kachikuto konyezimira konga pulasitiki; tiyi kapena msuzi wa nyemba ukatayika umangopukuta, banga palibe. Silinapindike. Miyendo yake yachitsulo sinachite dzimbiri, ndipo poti imamasulidwa, kulinyamula kuchokera ku Lilongwe sikunavute.

Vuto lili pamene mwendo wakumana ndi thabwa. Mwendo uliwonse umamangidwa pa kachitsulo kaphanthiphanthi, ndipo kachitsuloko kamagwidwa ndi masikuluwu anayi aafupi kunsi kwa thabwa la mamilimita 18. Tsono chipboard si thabwa lochekedwa ku mtengo. Ndi tizibenthu ta mitengo ndi utuchi zosakaniza ndi guluu, n'kuzipsinja pa makina otentha. Kunja kumakhala kolimbako, koma m'kati ndi mwa wedewede, ndipo mano a sikuluwu amaluma m'katimo. Mukamakoka tebulo pa simenti pokolopa, mwendo wautaliwo umatekenya masikuluwu aja pang'onopang'ono. Chinyontho chikalowa pa bowo, thabwalo limafufuma ndipo silibwereranso mwakale ngakhale liume.

Langa linayamba kugwedera mvula ikutha. Ndikamanga sikuluwu, imangozungulira osagwira. Tsiku lina madzulo ana akulemba ntchito ya kusukulu, wamkuluyo anangotsamira pakona, mwendo uja phwa! Unazuka pamodzi ndi chibenthu chachikulu ngati chikhatho, m'kati mukufumbutuka ngati chigumu chogonera. Nyali, makope, zonse pansi.

Ndinaimbira ogulitsa aja. Yankho loyamba linali lakuti, "Bwana, pamenepo ana anakwerapo." Ndinati achimwene, tebulo lodyera limene mwana sangatsamire ndi la ntchito yanji? Anandikumbutsa mawu olembedwa pa lisiti akuti katundu akatuluka sabwerera. Nditalimbikira, anatuma mnyamata wawo tsiku lomwe galimoto yawo inkadutsa pa M1 kupita ku Ntcheu. Mnyamatayo anatsendera timitengo ta machesi m'mabowo, n'kuthira super glue, n'kumanga masikuluwu aataliko. Imodzi inatukumula melamine pamwamba, kachotupa kake kalipo mpaka lero. Mwezi sunathe, mwendo unagwanso, bowo litakula kuposa kale. Machesi amathandiza pa chitseko cha paini, osati pa thabwa loti lafumbutuka kale. Apa mtima unandiuza kuti ndilitaye.

Amene analipulumutsa ndi kalipentala wina wachikulire pafupi ndi msika wa pa boma. Atalitembenuza anaseka kaye, n'kuti, "Aphunzitsi, apa palibe choluma sikuluwu. Tiikepo china choti ilume." Anapala zonse zofumbutuka mpaka anafika pouma ndi polimba, dzenjelo n'kulidzaza ndi utuchi wosakaniza ndi guluu woyera wa matabwa. Kenako anadula plywood ya mamilimita 18, zotsala za plywood ya ku Chikangawa, chidutswa cha masentimita pafupifupi 20 mbali zonse, kuti chiphimbe balalo n'kufika pa thabwa labwinobwino. Asanachimate, anaboola mabowo anayi ofanana ndi a kachitsulo kaja n'kukhomamo manati okhala ndi mano, aja amati T-nut, kumbali yoyang'ana tebulo. Ndiye kuti mwendo tsopano umamangidwa ndi mabawuti a M6 (onenepa mamilimita 6) olowa m'chitsulo, ndipo mutha kumasula n'kumanganso osawononga kanthu.

Plywood ija anaipaka guluu, n'kuipana, n'kuimanga ndi masikuluwu ambiri omwazikana, atayamba waboola timabowo ting'onoting'ono kuti chipboard isang'ambike. Kutalika kwa sikuluwu anachita kuyeza kuti isatulukire pamwamba. Anakana kundipatsa tebulo tsiku lomwelo. Unali mwezi wa Julaye, ndipo anati guluu amachedwa kugwira kukamazizira, ligone tsiku lathunthu litapanidwa.

Chimene sindinaganizire n'chakuti ukakweza kona imodzi ndi mamilimita 18, zinazo zimatsalira. Choncho anachita makona onse anayi, ndipo pomasula tinapeza kuti miyendo ina iwiri inali itayambanso kutekeseka. Kunsi konse ndi m'mphepete mosatsekedwa anapaka vanishi. Panali njira ina yotchipa, yoboola mpaka pamwamba n'kuika mabawuti ndi mawasha aakulu, koma mitu yake ikanamaonekera pa tebulo, ndipo mayi a kunyumba anakaniratu.

Kuyambira pamenepo ladutsa dzinja lina lonse osagwedera. Linatalikako pang'ono, wamng'onoyo amakhalira pilo. Lamulo m'nyumba muno ndi lakuti tebulo limanyamulidwa ndi anthu awiri, silikokedwa. Masiku ena ndikaliyang'ana litapukutidwa, ndimati ndinagula bwino ndithu.

Koma ndikatenga cholembera maganizo amasintha. Ndinalipira K165,000, mitengo itakwera kale kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kukonza kunadya K30,000, osawerengera wa njinga amene analinyamula. Kalipentala yemweyo anandiuza kuti ndalama zonsezi pamodzi akanandikhomera tebulo la paini, miyendo yake yolowetsana ndi mafelemu, ndipo paini kuno ku Dedza sitichita kumusaka, ali pa phiri pomwepa. Silikananyezimira chonchi, zoona, koma likanathyoka bwenzi tikukhoma msomali basi.

Ndiye achimwene a ku Lizulu, ngati mtima wanu uli pa lonyezimiralo, tembenuzani muone kunsi musanalipire, munenerere mtengo utsike ndi ndalama ya plywood ndi mabawuti, ndipo lidzere kwa kalipentala lisanalowe m'nyumba. Ku shopu komwe ndinagula ine sindikutumizaniko. Ndinawatumizira zithunzi ndi lisiti la kalipentala kuti tigawane theka, anayankha kuti "tiona bwana". Uthenga wotsatira umene ananditumizira unali wotsatsa makabati a TV, a chipboard yomweyo.