Sola wolipira pang'onopang'ono: mabokosi achuluka, firmware yatsalira

Ndimakonza mafoni ndi masola pa Lizulu. Mabokosi ambiri a sola ofika pabenchi panga ndi a kampani ina yogulitsa sola pangongole, uja mumalipira pa Airtel Money kapena Mpamba n'kulandira manambala olowetsa pabokosi. Dzina lake ndilisunga.

Pa mapanelo ndi mabatire ndilibe nawo mlandu. Ngakhale mu June, nkhungu ikakuta mapiri kuno, mababu amayaka mpaka ana atamaliza kuwerenga.

Dandaulo langa lili pa firmware, kapulogalamu kokhala mu chipu ya m'bokosimo. Ndiko kamawerenga tokeni (manambala aja), kuyang'anira batire ndi kuzimitsa magetsi masiku olipira akatha. Kampaniyi idayamba ndi bokosi limodzi la mababu okha. Lero kuli la wailesi, la TV, la fani, ndi lina lokhala ndi SIM khadi. Kunja amafanana ngati ana a mimba imodzi, koma mukatsegula mupeza lina lili ndi chipu yotchedwa STM32, lina chipu ya mtundu wina yomwe idalowa m'malo machipu atasowa padziko lonse mu 2021. Chipu ikasintha, mbali zina za pulogalamu zimalembedwanso. Batire likachoka pa lead-acid kupita pa lithium, malire a volteji nawo amasintha. Mmene mabokosiwa amachitira, zikuonetsa kuti lililonse adalikopera pulogalamu yake n'kumaikonza payokha, ndiye cholakwika chikachotsedwa mu latsopano, lakale limakhalabe nacho.

Amayi ena a ku Tsangano adabwera ndi lakale. Batire litatheratu, bokosi lidaiwala masiku omwe adalipira. “Achimwene, ndalama ndidatumiza, meseji nayi,” adatero. Sankanama. Vuto lomwelo pa bokosi la SIM a kampaniyi adalikonza kale kudzera pa netiweki, mwini wake ali mtulo. La amayiwa limafuna chingwe, laputopu ndi munthu wochokera ku Lilongwe. Choipa kwambiri n'chakuti mabokosi awiri a dzina limodzi amafuna mafayilo osiyana a firmware, ndipo chokuuzani ndi kanambala kakang'ono kolembedwa pa bodi m'katimo. Mukaika fayilo yolakwika, bokosi silidzukanso.

Sikuti njira kulibe. Zephyr, pulogalamu ya maziko yoyendetsa machipu ngati amenewa, yomwe ili pansi pa bungwe la Linux Foundation, idapangidwira zomwezi: pulogalamu imodzi, machipu osiyanasiyana. Koma kusamutsira mabokosi akale kumeneko ndi ndalama, ndipo bokosi logulitsidwa kale silikopa kasitomala watsopano. Apa ndikuwamvetsa, ngakhale wolira ndi wakumudzi.

Oyankha foni kuofesi kwawo ndi aulemu, ndipo amayi aja adawatumizira tokeni ina tsiku lomwelo. Batire likadzatheratunso, adzaimbanso.

Ngati mukugula, tengani la SIM, bola kwanuko netiweki izigwira. Amene muli ndi lakale, musamalole batire kuthera pansi, ndipo mameseji a malipiro musamafufute.