Treasury bill kapena bondi ya zaka 10?

Zonse ziwiri ndi ngongole imene mumabwereketsa boma kudzera ku Bank of Zambia, ndipo mutha kuyamba ndi K1,000. Kusiyana kwake kuli pa nthawi.

Treasury bill imatha pa masiku 91, 182, 273 kapena 364. Mumaigula pa mtengo wotsika, n'kulandira ndalama yonse ikakhwima. Chiwongoladzanja chikakwera, simudikira kwambiri kuti mugule ina yopindulitsa.

Bondi ya zaka 10 imalipira pakatha miyezi 6 iliyonse, koma chiwongoladzanja chake sichisintha. Apa ndiye pofunika kusamala. Mu 2024 chilala chinakweza mtengo wa ufa ku Soweto Market ku Lusaka, kukwera kwa mitengo kunapitirira 15%, pamene Bank of Zambia imafuna kukhale pakati pa 6% ndi 8%. Zikatero phindu la bondi limadyeka. Mukafuna kuigulitsa isanakhwime chiwongoladzanja chitakwera, ogula amakutsitsani mtengo, chifukwa mabondi atsopano akulipira bwino.

Yang'aniraninso mkuwa ndi dola, popeza Zambia imapeza madola ambiri pogulitsa mkuwa kunja. Mkuwa ukatsika mtengo, kwacha imafooka, mafuta amakwera, mitengo ya zinthu n'kukweranso. Ndalama ya fizi ya ana chaka chamawa ikhale mu Treasury bill. Bondi ndi ya ndalama yomwe simudzaifuna msanga, makamaka mukaona kuti mitengo yayamba kukhazikika.