Hyper-V Replica ndi yabwino, koma mphindi zomaliza mutha kuzitaya

Kwa kampani yomwe ili ndi seva ku City Centre ndi ina ku Kanengo kapena ku Area 3, Hyper-V Replica, chida cha Microsoft chomwe chimasunga kope ya zomwe zili pa seva yoyamba pa seva yachiwiri, ndi choyenera kuchiyatsa. Chimabwera kale m'kati mwa Windows Server kuyambira mu 2012, simuchigula padera, ndipo sikofunika kuti maseva awiriwo akhale a mtundu umodzi. Chimalemba chilichonse chosintha pa disiki ya VM (kompyuta ya pulogalamu chabe yoyenda m'kati mwa seva) mu fayilo ya .hrl, n'kumatumiza kwa seva yachiwiri masekondi 30, mphindi 5 kapena mphindi 15 zilizonse, malinga ndi mmene mwasankhira.

Nkhani yagona pamenepo. Seva yachiwiri nthawi zonse imatsalira m'mbuyo. Yoyamba ikafa mwadzidzidzi, malisiti onse amene a ku akaunti alowetsa chitumizireni komaliza kulibe uko. Ndiponso kusankha masekondi 30 sikuthandiza ngati laini ya netiweki yolumikiza maseva awiriwo ndi yaying'ono. Laini ya 5 Mbps imanyamula pafupifupi 187 MB pa mphindi 5. Database ikamasintha zoposa pamenepo, makamaka kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro, .hrl imangotupa. Ikafika theka la kukula kwa disiki, Replica imaima n'kufuna kufananiza madisiki onse mwatsopano, ndipo pa nthawi imeneyo mulibe chitetezo chenicheni. Muziyendetsa lamulo la PowerShell la Measure-VMReplication m'mawa uliwonse n'kuona nthawi imene deta inatumizidwa komaliza.

Pomwe chidachi chimatisangalatsa kwambiri ndi pa Planned Failover, kutanthauza kusamutsira ntchito ku seva yachiwiri mwadongosolo yoyamba isanafe. Magetsi athima, jenereta yakana kulira, batire ya UPS yatsala ndi mphindi 20: seva yoyamba ikadali moyo, choncho musathamangire kukadina Failover pa yachiwiri. Zimitsani VM bwinobwino pa yoyamba, yendetsani Start-VMFailover -Prepare pomwepo kuti zotsala mu .hrl zipite zonse, kenako Start-VMFailover pa yachiwiri, Set-VMReplication -Reverse, n'kuyatsa VM. Mukatsata njira iyi palibe chotayika. Anthu ambiri amataya deta pano chifukwa cha phuma chabe, chidacho chilibe mlandu.

Yoyamba ikafa ndithu, Replica imakupatsani mwayi wosankha pobwerera. Imasunga malo obwererapo ofika 24, amodzi pa ola, koma muyenera kuwayatsa nokha pokhazikitsa. Pa SQL Server yatsaninso VSS, yomwe imauza database kuti imalize kulemba malo obwererapo asanasungidwe, apo ayi database imadzuka ngati yazulidwa pa soketi. Mukayatsa VM yachiwiri, ionetsetseni kaye musanayendetse Complete-VMFailover, chifukwa lamulo limeneli limafufuta malo onse obwererapo.

Chotidandaulitsa chachikulu n'chakuti chidachi sichichenjeza mokwanira za zimene zimachitika magetsi akabwera. Seva yakale ikadzuka, VM yake itha kuyaka yokha ngati Automatic Start Action inasiyidwa pa kuyatsa VM seva ikayaka, ndiye muli ndi makompyuta awiri a dzina limodzi, onse akulandira deta. Zulani chingwe cha netiweki cha seva yakale musanaiyatse. Chachiwiri n'choopsa kuposa apo. Disiki yakaleyo ndi malo okhawo pomwe patsala ntchito ya mphindi zomaliza zija zomwe sizinatumizidwe. Mukangotembenuza Replica kuti deta iyende kuchokera ku yatsopano kubwerera ku yakale, imalemba pamwamba pake, basi zapita. Koperani fayilo ya VHDX, yomwe ndi disiki ya VM yakaleyo, pa disiki ina musanatembenuze, mutsegule kopeyo, mutole zomwe zikusowa.

Tizinthu tina n'tating'ono koma timaluma. Disiki yomwe mwawonjezera pa VM pambuyo poyatsa Replica siilowa yokha, muyenera kuiwonjezera ndi Set-VMReplication -ReplicatedDisks. Ngati maofesi awiriwo ali ndi ma adiresi a netiweki (IP) osiyana, lembani adiresi ya uko mu Failover TCP/IP nthawi ikadalipo. Ndipo Replica si bakapu: wina akafufuta foda kapena ransomware (vayirasi yotseka mafayilo kuti mulipire) ikalowa, zowonongekazo zimakopedwanso mokhulupirika kupita ku Kanengo.

Test Failover imapanga VM yoyeserera popanda kusokoneza kutumiza, ndipo imadzuka yosalumikizidwa ku netiweki pokhapokha mutaisankhira switch yoilumikizira. Isankhireni switch yapadera yosafika kwa ogwira ntchito, muyese kulowa mu database ndi akaunti yeniyeni, kenako muyendetse Stop-VMFailover kuti yoyesererayo ichotsedwe isanadye malo pa disiki.