Fulati yakale, zipangizo zatsopano: kukoka waya kapena kugula gasi?

Mafulati ambiri akale a ku Blantyre ndi Lilongwe anamangidwa nthawi imene kukhitchini kunkangofunika firiji ndi ketulo. Lero tikufuna kuwonjezeramo microwave, air fryer, ena cooker ya mapuleti anayi, koma mawaya m'khomamo ndi omwe aja.

Magetsi athu ndi a 230 volts, ndipo pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 amps. Ndiye kuti soketi imodzi imanyamula mawatsi pafupifupi 3,000. Ketulo yokha imadya cha m'ma 2,000, air fryer cha m'ma 1,500. Zonse ziwiri pa extension imodzi, mwapyola kale.

Njira yosalira ndalama ndi kudalira masoketi alipowo, zipangizo n'kumasinthana: ketulo izime kaye kenako muyatse china. Kwa munthu wokhala yekha zimatheka. Koma pabanja m'mawa, wina akusita yunifomu, wina akuwiritsa madzi osamba, breaker (switchi yomwe imadula yokha magetsi katundu akachuluka) imangogwa. Choopsa chili m'nyumba zomwe zikadali ndi mafyuzi a waya, poti ena akatopa nawo amaikapo waya wonenepa kuti usamaduke. Zikatero chomwe chimatentha ndi waya wa m'khoma, pamene simukuona. Soketi ikayamba kuda m'mabowo kapena kununkha pulasitiki wopserera, musabayeponso kanthu.

Cooker ya mapuleti anayi ndi uvuni ndi nkhani ina, imatha kupitirira mawatsi 6,000. Imafuna waya wakewake wa 6mm kuchokera pa DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), breaker yake ya 32 amps kapena kuposa, ndi switchi yake pakhoma. Waya wa masoketi ndi wa 2.5mm, sungaikwanitse. Musanagule waya, onani kaye nambala yomwe ili pa main switch. Ngati ndi 60 amps, cooker itenga pafupifupi theka, giza ya mawatsi 3,000 itenganso 13 amps, zotsalazo ndiye za nyumba yonse. Ntchitoyi ndi ya elekitirishani wokhala ndi chiphaso cha MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), osati mnyamata wapafupi wodziwa kulumikiza babu. Ndipo ngati muli pa lendi, alandilodi avomere kaye, komanso tsiku losamuka waya wanuyo mumusiya.

Ine kwa wa lendi ndimasankha gasi. Amachotsa katundu wolemera pa magetsi, nyemba zija zowira maola awiri ndi nsima ya tsiku lililonse, masoketi n'kutsala ndi firiji, ketulo ndi microwave. Magetsi akazima mumadyabe, ndipo silinda mumasamuka nayo. Zovuta zake ziliponso: silinda ya 9kg ikadzaza siikwera yokha masitepe, zenera liyenera kukhala lotsegula pophika, ndipo paipi ya gasi muziipaka madzi a sopo kuti muone ngati pakutuluka thovu.

Ngati fulatiyo ndi yanu ndipo mumaphika makeke ogulitsa, kokani waya wa cooker, ndipo elekitirishaniyo ayezenso earth (waya wopita pansi woteteza kuti magetsi asagwire munthu) ya nyumba yonse akadali pompo.