Soda, monensin, Lactipro kapena kuzoloweza: njira iti imateteza chifu cha ng'ombe yodya madeya?

Ng'ombe ya mkaka ikapatsidwa madeya ambiri mwadzidzidzi, kapena ikapeza thumba la chimanga lili poyera n'kudya mpaka kukhuta, magulu awiri a mabakiteriya amayamba kulimbana m'chifu chake chachikulu. Streptococcus bovis amasandutsa sitachi kukhala asidi wa lactic ndipo amatha kuchuluka kawiri pasanathe theka la ola, pomwe Megasphaera elsdenii ndi Selenomonas ruminantium, amene amadya asidiyo n'kumusandutsa zinthu zopatsa ng'ombe mphamvu, amaswana pang'onopang'ono. M'chifu chabwino pH, muyeso umene umatsika asidi akamachuluka, imakhala pakati pa 6 ndi 7. Ikatsika pansi pa 5.5 odya asidiwo amafooka, ndipo ikafika pansi pa 5 amatha, mabakiteriya ena opanga asidi otchedwa Lactobacillus n'kutenga malo n'kumawonjezerabe asidi. Pamenepo ng'ombe imasiya kubzikula, ndowe imatuluka yamadzi, yotuwa ndi yonunkha chowawasa, ndipo ikapulumuka imatha kudzatsimphina pambuyo pake chifukwa cha kupweteka kwa ziboda.

Soda wophikira ndiye amene alimi ambiri amathamangira, popeza ndi wotchipa ndipo amapezeka pagolosale. Magalamu 100 mpaka 200 patsiku, osakaniza m'chakudya cha ng'ombe yaikulu yokamidwa, amachepetsa ukali wa asidi, koma saletsa Streptococcus bovis kupanga wina. Ndimamuona ngati wothandizira chabe, ndipo ng'ombe imene yagona kale pansi ikufunika dokotala wa ziweto msanga, osati soda wowonjezera.

Monensin, mankhwala osakaniza m'chakudya amene amagulitsidwa ndi dzina la Rumensin, amafika pagwero la vuto chifukwa amafooketsa mabakiteriya opanga asidi n'kusiya odya asidi. Vuto lake ndi muyeso: amaikidwa pang'ono kwambiri moti kusakaniza ndi fosholo pakhomo n'koopsa, akachuluka amapha ng'ombe, ndipo kwa akavalo ndi poizoni ngakhale atachepa. Mayiko a European Union analetsa kumugwiritsa ntchito pokulitsa ziweto mu 2006. Lactipro ndi Megasphaera elsdenii wamoyo, wochokera ku kafukufuku wa ku South Africa, amene amamwetsedwa ng'ombe kuti odya asidi achuluke nthawi yomweyo. Nzeru yake ndi yabwino, koma mabakiteriyawa sapirira mpweya, choncho kasungidwe kake n'kovuta, ndipo phindu lake limaoneka kwambiri m'makola aakulu onenepetsera ng'ombe mazanamazana.

Kwa mlimi wa ku Thyolo kapena Mulanje amene ali ndi ng'ombe ziwiri m'khola, ndikulimbikira njira yosagula kanthu, yomwe ndi kuzoloweza chifu. Madeya aziwonjezedwa pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, makamaka ng'ombe ikangobereka, nthawi imene mlimi amafunitsitsa mkaka ndipo dzanja limalemera pothira. Masabata amenewo ndiwo amapatsa Megasphaera elsdenii mpata wochulukana mpaka kufanana mphamvu ndi opanga asidi, komanso amalola khoma la chifu kukula kuti lizimwa bwino zotuluka m'chakudyacho. Madeya a tsiku lonse agawidwe kawiri kapena katatu, ndipo m'mawa ng'ombe iyambe yadya nsenjere kapena masangwi a mtedza isanaone madeya. Nsenjerezo zisadulidwe tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri, chifukwa udzu wautali ndiwo umachititsa ng'ombe kubzikula, ndipo pobzikula imameza malovu opitirira malita 100 patsiku, omwe ali kale ndi soda wachilengedwe.

Njirayi imafuna kuleza mtima ndiponso munthu mmodzi wodziwa muyeso, pakuti mwana akathira madeya amene bambo anathira kale, ntchito ya masabata atatu imawonongeka tsiku limodzi. Soda angawonjezedwe m'miyezi ya chilimwe pamene udzu wachepa ndipo madeya akuchuluka m'chodyeramo, koma monensin agulidwe kokha ali wosakanizidwa kale ndi kampani yopanga chakudya cha ziweto.