Focusrite Scarlett Solo: kabokosi kofiira koyambira kujambula nyimbo kunyumba

Patha miyezi isanu ndi itatu chigulireni Focusrite Scarlett Solo ya m'badwo wachitatu, imene inatuluka mu 2019, ndipo tsopano ndingathe kuuza anzanga ofuna kujambula nyimbo kunyumba zimene ndaona. Ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja, kopangidwa ndi kampani ya ku Britain imene Rupert Neve anayambitsa mu 1985, ndipo ntchito ya kabokosika ndi kutenga mawu a pa maikolofoni kapena pa gitala n'kuwalowetsa mu kompyuta ali oyera.

Kutsogolo kwake kuli polowetsa maikolofoni ndi chingwe cha mano atatu chotchedwa XLR, ndiponso pena polowetsa gitala kapena kiyibodi. Chimene chinandisangalatsa kuyambira tsiku loyamba ndi kuwala kozungulira mabatani opotokola a gain (okweza kapena kutsitsa mawu olowa), chifukwa mawu akamalowa pa mlingo woyenera kumakhala kobiriwira, koma woimba akakweza mopitirira kumafiira, ndipo munthu amene sanaphunzirepo zojambula amadziwa pomwepo kuti ayenera kutsitsa. Batani la 48V limapereka mphamvu ku maikolofoni ya mtundu wa condenser, yofuna magetsi kuti igwire ntchito, monga Audio-Technica AT2020 imene ndimagwiritsa ntchito. Mukaiwala kulidina simumva kanthu, mpaka mungaganize kuti mwagula chakufa. Palinso batani la Direct Monitor, lothandiza woimba kudzimva m'mahedifoni nthawi yomweyo, mawu osachedwa.

Chipangizochi chimatenga mphamvu pa chingwe cha USB, choncho magetsi akathima ndimapitiriza ntchito malinga batire ya laputopu ikadali ndi moto. Pa Windows muyenera kuyamba mwaika driver wake (pulogalamu yothandiza kompyuta kugwira ntchito ndi chipangizochi), kenako n'kusankha driver ameneyu, wotchedwa Focusrite USB ASIO, mu pulogalamu yojambulira nyimbo monga FL Studio kapena Reaper.

Malire ake ndi oonekeratu: maikolofoni ndi imodzi yokha. Amene akufuna kujambula oimba awiri nthawi imodzi, aliyense pa maikolofoni yake, aonjezere ndalama agule Scarlett 2i2, yokhala ndi polowetsa maikolofoni pawiri. Komanso pa Solo batani limodzi ndi limene limakweza mahedifoni ndi masipika omwe.

Chimene ndikufuna woyamba kumene amvetse n'chakuti kabokosi kameneka sikabisa zolakwika za chipinda. Nditamvetsera nyimbo yanga yoyamba ndinamva tambala wa aneba, njinga yamoto ya kabaza ikudutsa mumsewu, ndi mawu anga akubwerera kuchokera ku makoma a simenti ngati ndikuimbira m'bafa. Zinandiwawa, popeza ndinali nditasunga ndalama kwa nthawi yaitali, koma vuto silinali la chipangizo. Ndinaimika matiresi kumbuyo kwa poimirira woimba, ndinapachika mabulangete awiri ochindikala pakhoma ndi pawindo, ndinayala kapeti pansi, ndipo ndinayamba kuimba pakamwa patatalikirana ndi maikolofoni masentimita pafupifupi 15, pakati pali kansalu kotchinga mpweya wa "p" ndi "b". Pamenepo mawu anatuluka pafupi ndiponso odzaza, moti kupuma kwa woimba kumamveka. Mvula ikamagwa pa malata palibe chimene chimathandiza, ndimangodikira ikate.

Kwa woimba mmodzi wokhala ndi gitala, Scarlett Solo ndi yokwanira ndipo ndikuivomereza ndi mtima wonse. Ngati nyumba yanu ili pafupi ndi msewu kapena msika, iphatikizeni ndi maikolofoni ya mtundu wa dynamic monga Shure SM58, imene sitola kwambiri phokoso lakutali ndipo sifuna 48V.